ZA M'NYUMBA MWATHU: Mwana Woimba Limba ndi Pulogalamu Yojambulira Nyimbo

 Mvula yatha, chimanga chiri m'nkhokwe, mtedza wauma. Ndiyo nyengo imene tindalama tioneka m'manja mwa anthu, ndiyonso nyengo imene tindalamato tithawa msanga ngati mbewa pa lupsa. Chifukwa chache mwezi uno tafuna kukamba nanu nkhani imene makolo athu sanaidziwa, koma imene yalowa kale m'nyumba zambiri, ndipo oilowetsa ndiwo ana.

Tsiku lina la Mulungu, titatha mapemphero, bambo wina anatsalira pakhomo pa tchalitchi, chipewa chiri m'manja, natiitanira pambali. Anati: "Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi uja aimbira kwaya limba sandigoneka tulo. Alikulira kuti ndimgulire pulogalamu yojambulira nyimbo, ndipo ine ngakhale maonekedwe ache sindiwadziwa. Ndagulitsa matumba awiri a mtedza. Mnyamata wina wa kutauni ati ndimpatse ndalamazo, iye andiikira zonse. Kodi ndimpatse?" Ife tinati: "Bambo, yambani mwazisunga ndalamazo, tiyeni tikaone limbalo poyamba."

Tidziwa kuti bambo ameneyu sali yekha. Kale limba linali limodzi pa mishoni ponse, lopopa ndi mapazi, ndipo woligwira anali mphunzitsi yekha. Lero malimba a magetsi, amene ana awatcha kiyibodi, afika ndi ku matchalitchi a kutali, ndipo ana a zaka khumi alikuwaimba bwino kutiposa ife amene tinaphunzira ku seminale. Mwana wotere akamva kuti anzache alikujambula nyimbo, mtima wache sukhala pansi. Kumkaniza osamva nkhani yache ndiko kuzima moto wabwino. Kumgulira chiri chonse osafufuza ndiko kutaya thukuta la chaka chathunthu. Akulu anati safunsa anadya phula. Tiyeni tsono tifunse mafunso ache limodzilimodzi, monga tichita pa katekisimu.

Kodi pulogalamu yojambulira nyimbo nchiani?

Ndi chipangizo chosagwirika ndi manja, chokhala m'kati mwa kompyuta kapena foni, chimene chisunga nyimbo ndi kuikonza. Odziwa achitcha mwachidule DAW. Mukachitsegula muona mizere yogona, wina pamwamba pa unzache, ngati mizere ya m'munda. Ndipo monga mlimi abzala chimanga pa mzere uwu ndi nyemba pa mzere uwo, momwemonso mwana aika limba pa mzere woyamba, ng'oma pa wachiwiri, mau ache pa wachitatu. Aimba mzere umodzi, naumvera, naimbanso wina pamwamba pache. Potsiriza mizere yonse ilira pamodzi ngati kwaya, chinkana woimba anali mmodzi yekha.

Njira zosungira nyimbo m'mizeremo ziripo ziwiri, ndipo amene sazisiyanitsa ndiye agula chinthu cholakwika. Yoyamba ndiyo kujambula mau enieni monga amveka m'khutu, kaya ndi a munthu, kaya a ng'oma, kaya a limba. Chimene chalowa chalowa. Chala chikaphonya, muyenera kuyambanso. Yachiwiri ndiyo imene aitcha MIDI. Iyi inayamba m'chaka cha 1983, pamene opanga malimba anagwirizana kuti zipangizo zao zizimvana chilankhulo chimodzi. Otsogolera nchitoyo anali Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa ku Japan, amene anayambitsa kampani ya Roland. MIDI sinyamula mau ai, koma uthenga wokha: kiyi yakuti yakanikizidwa, nthawi yakuti, ndi mphamvu yakuti, ndipo yasiyidwa nthawi yakuti. Kiyi iri yonse iri ndi nambala yache kuyambira 0 kufikira 127, ndipo C wa pakati pa limba ndiye 60.

Inu a kwaya mumvetsa msanga. Mphunzitsi akalemba nyimbo pa bolodi ndi zilembo za sol-fa, chokocho sichiimba; aimba ndi anthu owerenga. Ndipo akalakwa chilembo chimodzi achifafaniza nalemba china, osafuta bolodi lonse. MIDI ndi chimodzimodzi. Mwana akaphonya kiyi imodzi aisuntha yokhayo. Akafuna, nyimbo imene anaiimba ndi mau a limba aimveketsa ndi mau a gitala kapena a lipenga, osaiimbanso. Kwa mwana woimba kiyibodi, njira yachiwiriyi ndiyo chuma chenicheni.

Kodi limba lathu lingathe kulankhula ndi kompyuta?

Ili ndilo funso loyamba, ndipo yankho lache silifuna ndalama. Tembenuzani limbalo muone kumbuyo kwache. Mukapeza kabowo kolembedwa USB, kapena USB TO HOST monga alembera a Yamaha, kondwani; chingwe chache kawirikawiri ndi chonga chija alumikizira makina osindikiza makalata ku kompyuta, ndipo pofuna kulumikiza ku foni muonjezapo kachingwe kakafupi kotchedwa OTG. Mukapeza mabowo ozungulira a timaso tisanu, olembedwa MIDI IN ndi MIDI OUT, limbalo ndi la mtundu wakale, koma lilankhula ndithu. Lifuna chingwe chosandutsa MIDI kukhala USB. Koma mukapeza bowo la magetsi ndi la mahedifoni okha, dziwani kuti limba limenelo siritumiza MIDI, ndipo pulogalamu iri yonse, ingakhale ya mtengo wotani, singathe kulipatsa pakamwa pamene liribe. Mwana wa limba lotere ajambule mau enieni basi, ndipo zimenezo zikwana poyambira.

Yesaninso ichi: kanikizani kiyi imodzi pang'ono, kenaka mwamphamvu. Mau akasintha kukula kwache, limbalo limva zala, ndipo nyimbo yojambulidwa ikhala ndi moyo. Chenjeraninso pogula. Kuli malimba ena opangidwira kompyuta yokha, ooneka bwino ndi otsika mtengo, koma alibe mau aoao. Mukapita nalo ku tchalitchi popanda kompyuta likhala chete ngati thabwa.

Limba la mwana uja tinalipeza liri ndi makiyi 61, monga malimba ambiri a ophunzira, ndi kabowo ka USB kodzala pfumbi, kamene sanakagwiritsepo nchito.

Kodi m'nyumba muli chipangizo chanji?

Fodya wako ndiye ali pamphuno. Musayambe ndi kufunsa pulogalamu yoposa zonse pa dziko lapansi. Yambani ndi kuona foni kapena kompyuta imene muli nayo, pakuti pulogalamu iri yonse iri ndi nyumba zimene ilowamo ndi zimene siilowamo.

Ngati m'banja muli iPhone, iPad kapena kompyuta ya Mac, nkhani yafupika. Kampani ya Apple inatulutsa GarageBand m'chaka cha 2004, ndipo ipereka pulogalamuyi kwaulere kwa eni zipangizo zache. Mwa zonse zimene tidziwa, iyi ndiyo yofatsa kwa mwana: alumikiza limba, asankha mau, naimba. Koma GarageBand sikhala pa Windows kapena pa foni ya Android. Munthu akakuuzani kuti akuikirani pamenepo, alikukunamizani.

Ngati muli ndi foni ya Android, monga ambiri a ife, dziwani kuti mafoni amenewa anayamba kumva MIDI ya pa chingwe m'chaka cha 2015, pa Android 6. Ana ambiri atchula BandLab, imene inayambira ku Singapore m'chaka chomwecho cha 2015. Nchito zache zoyambira ndi zaulere, ndipo kuiphunzira sikubvuta. Koma pali zinthu ziwiri zimene kholo liyenera kudziwa. Choyamba, idalira intaneti, ndipo bandulo ndi ndalama. Chaulerecho chidzadya m'thumba mwanu mwezi ndi mwezi. Chachiwiri, BandLab ndi bwalonso, pamene anthu a maiko onse aika nyimbo zao ndi kulemberana mau. Chifukwa chache malamulo ache afuna kuti wolowamo akhale wa zaka 13 kapena kuposapo. Simutuma mwana wamng'ono yekha ku msika wa kutali. Musamtumenso yekha ku bwalo limeneli. Ina ya pa foni ndi FL Studio Mobile. Iyi ndi yogula, koma mukaiika igwira nchito popanda intaneti.

Ngati muli ndi kompyuta ya Windows, ingakhale yakale, ziripo zaulere zitatu zimene anthu odzipereka anazipanga kuti ali yense azitenge mwa chilungamo, ndipo mukazitenga kamodzi sizifunanso intaneti. LMMS ilandira MIDI ya ku limba, ndipo iri ndi ng'oma ndi mau a mitundumitundu. Maonekedwe ache adzadzana, kotero kuti masiku oyamba mwana afuna womkhalira pambali, ndiponso siiyenera kujambulira mau a pakamwa. Audacity, imene inatuluka m'chaka cha 2000, ichita chimene LMMS ilephera: ijambula mau enieni a munthu kapena a kwaya, niidula ndi kulumikiza, koma uthenga wa makiyi siiujambula. Chotero ziwirizi zithandizana ngati khasu ndi nkhwangwa. Yachitatu ndi MuseScore, imene nchito yache ndiyo kulemba nyimbo pa mizere isanu ija: mwana akanikiza kiyi, chizindikiro chache chikhala pa mzere, ndipo potsiriza asindikiza pepala. Iyi ikomera kompyuta yosakalamba kwambiri.

Pa MuseScore tifuna kuimapo pang'ono, pakuti ambiri ainyoza poti siiliza ng'oma zogwedeza nyumba. Pafupi zaka 1,000 zapitazo mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, anakonza njira yolembera nyimbo pa mizere kuti oimba aphunzire nyimbo imene sanaimvepo. Ndipo sol-fa imene makwaya athu aidziwa inakonzedwa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndi Sarah Glover ndi John Curwen. Ana athu ambiri aimba ndi khutu lokha, ndipo khutu lao ndi lakuthwa. Koma mwana amene aphunziranso kuwerenga ndi kulemba nyimbo ali ngati munthu wodziwa kulankhula amene waphunziranso kulemba kalata.

Nanga zogula zija anyamata azitama? FL Studio ya pa kompyuta, yopangidwa ndi kampani ya Image-Line ya ku Belgium, iri ndi mtundu woyesera waulere. Koma tamverani msampha wache: mwana angathe kusunga nchito yache, koma sangathe kuitsegulanso kufikira mutalipira. Amene walipira alandira zokonzedwa zatsopano moyo wache wonse osalipiranso. Reaper ilola kuiyesa masiku 60 musanagule. Ableton Live Lite, ya mizere 8, ibwera ngati mphatso pamodzi ndi zipangizo zina zoimbira. Yang'anani m'bokosi ngati muli kapepala kache. Zonsezi ndi zabwino, koma ndi nsapato za akulu. Mwana ayambe watha chaka ndi yaulere. Akaipeza yampanikiza, iye mwini adzakuuzani chimene chisowa, ndipo pamenepo mudzagula chinthu chimene muchidziwa.

Kodi tilandire pulogalamu ya mnyamata wa kutauni uja?

Iai. Munthu akakuikirani pulogalamu ya mtengo wapatali pa ndalama zochepa, dziwani kuti ndi yakuba, imene anthu ena anathyola loko wache. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zothyolazi kawirikawiri zinyamula tizirombo ta kompyuta, timene tiononga zosungidwa ndi kuba manambala a chinsinsi; ndipo m'mafoni ndi m'makompyuta a masiku ano ndimo muyenda ndalama za banja. Koma chingakhale panalibe kachirombo, lamulo lachisanu ndi chiwiri silinasinthe poti chobedwacho sichigwirika ndi manja. Mwana yemweyo tsiku lina adzapeka nyimbo yache, nadzafuna kuti anthu asaibe. Ndicho chifukwa chache ku Malawi kuli bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1992 kuti lisamale za eni nyimbo ndi mabuku. Tidzamphunzitsa bwanji kulemekeza nchito yache, ngati tamyambitsa ndi chida chakuba?

Kodi nchifukwa ninji mau achedwa kumveka?

Ili ndilo bvuto limene lifoola ana ambiri pa tsiku loyamba. Mwana akanikiza kiyi, koma mau amveka pambuyo pang'ono, ngati nkhwangwa ya munthu wodula mtengo tsidya la dambo: muona yagwa, nimumva pambuyo. Chifukwa chache nchakuti kompyuta kapena foni iyamba yasonkhanitsa mau m'kankhokwe isanawatulutse. Kankhokwe kameneka akatcha buffer. Mukakachepetsa kuchedwa kuchepa, koma mukachepetsa kopitirira mau ayamba kuthetheka. Tsekani mapulogalamu ena onse pojambula. Gulani mahedifoni a chingwe, pakuti a Bluetooth aonjeza kuchedwa. Ndipo njira yapafupi koposa ndi iyi: ngati limbalo liri ndi mau ache, mwana azimvera limba lenilenilo poimba, atatsitsa mau a kompyuta, akatha, ndiye amvere zimene zasungidwa. Mafoni asiyana pa nkhani iyi, chotero yesani musanalipire kanthu.

Kumene magetsi athimathima, kapena kumene adalira dzuwa, mwana azolowere kusunga nchito yache kawirikawiri, ndi kukopera nyimbo zache pa fulashi.

Kodi makutu a mwana tiwasunge bwanji?

M'kati mwa khutu muli timaselo tanthete timene timva mau. Phokoso likationonga sitimeranso. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi bungwe la ITU, linapereka muyeso wakuti mwana womvera pa mahedifoni asapitirire madesibelo 75 kwa maola 40 pa sabata, ndipo mau akakwera nthawiyo iyenera kufupika kwambiri. Ife kumudzi tiribe choyezera, koma tiri ndi pakamwa: imani pafupi ndi mwana, mlankhuleni monga mwa masiku onse; akapanda kumva, atsitse. Makutu akayamba kulira okha atachotsa mahedifoni, wapitiriza muyeso. Woimba wogontha afanana ndi mlenje wakhungu.

Kodi pulogalamu siidzalesa zala zache?

Apa ndipo pagona nkhawa yathu yaikulu. M'mapulogalamu ambiri muli zidutswa za nyimbo zoimbidwa kale, zimene mwana angazilumikize nkutulutsa kanthu kokoma osagwira limba konse. Mulinso batani limene liwongola makiyi onse ochedwa kapena ofulumira, kuti woimba motsimphina amveke ngati katswiri. Zimenezi pa zokha si zoipa. Koma mwana amene aziyamba asanalimbe zala afanana ndi mwana amene aberekedwa kufikira zaka zisanu. M'mera mpoyamba. Chotero tipempha makolo aike lamulo ili m'nyumba: limba poyamba, kompyuta pambuyo. Aimbe nyimbo yonse ndi manja awiri, osaima, motsata kugunda kwa nthawi kumene pulogalamu ipereka, akatha, ajambule, akajambula, amvere ndi kupeza zolakwa zache yekha, ndipo cholakwacho achikonze ndi zala, si ndi batani. Pulogalamu ikhale kalirole wa khutu.

Kumbukiraninso kuti makina awa akonda kugawa nthawi m'zigawo zofanana zinai, pamene nyimbo zathu za pamtondo, za chimtali ndi za ng'oma ziyenda mwa njira yao, manja kuomba patatu pamene mapazi aponda pawiri. Mwana akaziwongola ndi batani lija, azichotsa mchere. M'zaka za 1950 ndi 1958 Hugh Tracey anayenda m'dziko la Nyasaland ndi magalimoto onyamula makina olemera kuti ajambule bangwe, kalimba ndi nyimbo za amai. Lero chipangizo choposa chimenecho chiri m'thumba la mwana wanu. Mtumeni kwa agogo ache akawajambule nyimbo zao iwo akali moyo, kenaka ayese kuzitsata pa limba. Sukulu yoposa imeneyo sitiidziwa.

Nanga bambo uja anatani?

M'nyumba mwache munali kompyuta yakale ya mwana wache wamkulu. Mphunzitsi wa pa sukulu anatithandiza kutenga LMMS ndi Audacity kwa eni ache enieni pa intaneti, tsiku limodzi lokha. Bamboyo anagula chingwe ndi mahedifoni, ndipo zotsala za mtedza zinapita ku zofunika za sukulu. BandLab tinati idikire, pakuti mwanayo ali ndi zaka 11. Atajambula nyimbo yache yoyamba nkuimvera, anagwetsa misozi, poti anamva kuti dzanja lache lamanzere litsalira m'mbuyo, chinthu chimene a kwaya onse sanamuuzepo. Amai ache anafuna kumtonthoza nati: "Mwana wanga, makinawa ndi onama." Koma iye anati: "Ai amai, sanama, ndine." Kufikira lero dzanjalo silinawongoke kwenikweni, koma madzulo ali onse timva limba likulira m'nyumba muja, mzere umodzi womwewo kubwerezedwa kakhumi.

Tsono abale, musanamasule mfundo ya ndalama, onani kumbuyo kwa limba, onani chipangizo chimene muli nacho, yambani ndi chaulere cha chilungamo, kanani chakuba, sungani makutu a mwana, ndipo khalani naye pafupi pamene alikuphunzira, chinkana inu simudziwa kiyi ndi imodzi yomwe. Pakuti mwana aimba bwino pamene adziwa kuti pali womvera. Amene muli ndi funso lina pa nkhani iyi, tumizani kalata kudzera kwa aphunzitsi a kwanu, ndipo tidzayankha mwezi wa mawa. Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, awapempherere ana athu. Tsalani bwino.